Madzi asalowe, koma mwini nyumba atuluke

Munthu wofuna kumanga nyumba kwa Mlolo amayamba wafunsa za madzi. Amafunsa pomwe analekeza mu 2015, pomwe anafika nthawi ya namondwe Ana, ndi pomwe anagunda chaka cha Freddy, kenako n'kuuza mmisiri kuti maziko apitirire pamenepo. Ndiye ambiri omanga masiku ano m'dera lino la kumpoto kwa boma la Nsanje, kutsidya la kum'mawa kwa Shire, amakhazika nyumba pa chiguwa chokwera, china chofika m'mawondo, china kuposa apo. Nzeruyi ndi yabwino, ndipo malangizo a boma a kamangidwe ka nyumba zolimba amalimbikitsa zomwezi m'madera osefukira madzi.

Vuto n'lakuti chiguwa chotchinga madzicho chimatchinganso anthu ena. Agogo a nyamakazi, bambo amene anafa ziwalo mbali imodzi atadwala sitiroko, mwana woyenda pa chikuku, msodzi amene ng'ona inamudula mwendo, onsewa akaikidwa m'nyumba ya masitepe atatu amasanduka anthu odikira kunyamulidwa. Wowanyamula akalawirira kumunda wa mpunga ku Muona, iwo amaswera pomwe anasiyidwa m'mawa.

Dera la Mfumu Yaikulu Mlolo lili pakati pa mapiri a Thyolo, dambo lalikulu la Elephant Marsh ndi mitsinje iwiri, Shire ndi Ruo, imene imakumana pa Chiromo. Mvula ikagwa ku Mulanje ndi ku Thyolo madzi ake amatsikira kuno, ngakhale kuno kusanadonthe. Mu Januwale 2015 mtsinje wa Ruo unaphulika n'kudzitsegulira njira yatsopano, Makhanga n'kusanduka chilumba, moti madokotala a Médecins Sans Frontières anachita kufikako pa helikopita. Chaka chimenecho boma linalengeza kuti maboma 15 ali pa ngozi, ndipo anthu pafupifupi 230,000 anathawa m'nyumba zawo. Kenako kunabwera Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022, Gombe miyezi iwiri pambuyo pake, ndi Freddy mu Malichi 2023, amene anasowetsa pokhala anthu oposa 650,000 ndi kupha oposa 1,000 m'dziko muno. Namondwe aliyense akadutsa anthu amamanganso, ndipo pomanganso paja ndi pamene pamaoneka ngati wina anakumbukira munthu waulumali wa pakhomopo kapena ayi.

Anthuwa si ochepa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, oposa 10 ali ndi ulumali wa mtundu wina, ndipo onse pamodzi amapitirira 1.5 miliyoni. Pafupifupi theka la iwo amavutika kuona, 27 mwa 100 alionse amavutika kuyenda kapena kukwera pokwera, ndipo 24 mwa 100 alionse amavutika kumva. Tikatengera chiwerengero cha dziko lonsechi, mudzi wa anthu 500 ungakhale ndi anthu otere oposa 40. Chigwa cha Shire chinalinso pakati pa madera amene matenda a maso a trachoma anasautsa kwambiri. Bungwe la WHO linatsimikiza mu 2022 kuti Malawi wathana nawo matendawa, koma amene anachita nawo khungu kale akadalipo, ndipo ng'ala ikupitirirabe kuphimba maso a okalamba.

Kumayiko olemera, munthu akatuluka m'chipatala ali ndi ulumali, katswiri amapita kunyumba kwake ndi fomu kukaunika khomo, bafa ndi pophikira. Kwa Mlolo akatswiri otere saonekaoneka. Ntchitoyi imagwera alangizi a zaumoyo, anthu odzipereka a m'midzi, ndipo kawirikawiri abale eniake. Mwayi wake ndi wakuti zida zake n'zosavuta kupeza: tepi yoyezera ya mmisiri, chingwe, kope ndi maso. Akatswiri a za madzi ndi ukhondo a ku yunivesite ya Loughborough ku England, mogwirizana ndi bungwe la WaterAid, anakonza njira imene imagwira bwino ntchito m'midzi ngati ya kuno. Mwini vutoyo ndiye amatsogolera, amachita zimene amachita tsiku lililonse, ndipo enawo amatsatira, kuyang'ana ndi kuyeza.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Mlendo akafika pakhomo amafunsa mwana wamkazi wosamalira uja kuti, "Kodi agogowa amavutika ndi chiyani?" agogowo ali pomwepo, akumva zonse. Wodziwa ntchito amakhala pansi pa mphasa n'kuwafunsa eniake: "Agogo, mukadzuka usiku mufuna kukataya madzi, mumayenda bwanji? Tatitsogolerani tione." Pa nkhani ya chimbudzi ndi kusamba, mayi azifunsidwa ndi mayi mnzake, apongozi ndi ana aamuna atapatuka kaye, chifukwa pamaso pawo yankho limangokhala lakuti zonse zili bwino.

Nyumba nayo imaulula zambiri kwa munthu woyang'anitsitsa. Pakhoma pamakhala mzere wakuda wosalala, wofika m'chiuno, pomwe dzanja limatsamira tsiku ndi tsiku. Pafumbi la pabwalo pamaoneka mikwasa ya munthu wokwawa, ndipo mawondo ndi zikhatho zake zimakhala ndi zikang'a. Kuseri kwa chitseko kumapezeka kachitini kovundikira, kamene kamasonyeza kuti usiku munthuyo safika kuchimbudzi. Chikuku chopatsidwa ndi bungwe chikakhala chopachikidwa kudenga, matayala ali phwa, ndiye kuti pali chinachake pakhomopo chimene chinachiletsa kugwira ntchito: kapena khomo n'lopanikiza, kapena pabwalo pali mchenga woti magudumu amangotitimira.

Kuyeza kumayambira pa chiguwa pomwepo. Muyezo umene amisiri a m'mayiko ambiri amatsatira ndi wakuti njira yotsetsereka yokwerapo chikuku italike masentimita 12 pa sentimita iliyonse ya kukwera kwake, ndipo ikatalika kufika 20 ndiye bwino koposa. Choncho chiguwa cha masentimita 60 chimafuna njira yotalika mamita 7 ndi pang'ono. Anthu akamva zimenezi amadabwa, chifukwa zimene azolowera kuona pa masukulu ena ndi m'magolosale ndi kachitunda ka simenti kotalika mita imodzi, kotsetsereka zedi moti woyenda pa chikuku sangakwere yekha, ndipo potsika angagubuduke chafufumimba. Kachitunda kotero n'kongosangalatsa maso a oyendera ntchito. Pabwalo pakachepa, njirayo itha kutsata khoma la nyumba m'litali mwake, mbali imene madzi sawomba akamabwera. Simenti ikasowa, dothi lotsendera bwino lotchingidwa ndi njerwa zootcha mbali zonse limagwira ntchito, bola m'mbalimo mukhale kamzere kokwera koletsa gudumu kuphonya, ndipo pamwamba, pakhomo penipeni, pakhale malo athyathyathya oti munthu aime n'kutsegula chitseko osabwerera m'mbuyo.

Komatu si aliyense amene njira yotsetsereka imamuthandiza. Woyendera ndodo ziwiri, kapena wa mwendo woikirira, nthawi zambiri amakonda masitepe, makamaka nthawi ya dzinja dothi la makande likamaterera. Iyeyu amafuna masitepe aafupi, okwera ngati masentimita 15, otambalala bwino poponda, ofanana onse, ndi chogwirira cha mtengo wolimba m'mbali. Sitepe imodzi ikatalika kuposa inzake ndi imene imagwetsa munthu wosaona, chifukwa phazi lake limakhala litawerengera kale. N'chifukwa chake woyeza sayenera kufika ndi yankho m'thumba.

Khomo likhale la masentimita 90 m'lifupi ngati padutsa chikuku, ndipo mkati mukhale malo okwana mita imodzi ndi theka oti chitembenukirepo. Kamzere ka njerwa kamene ambiri amaika pakhomo koletsa madzi a mvula kalinso ndi mlandu wake: n'kakang'ono, koma kamapunthwitsa okalamba ndi kuimitsa gudumu.

Kuchimbudzi ndiye kumene ulemu wa munthu umathera. Zimbudzi zambiri za m'midzi zimamangidwa mopanikiza, khomo lake loti munthu alowe chammbali, denga lofupika, pansi pa dothi. Munthu wokwawa amaponda ndi manja pomwe ena aponda ndi mapazi, pansi pali chinyontho, kenako manja omwewo akadyere nsima. Wosaona amafufuza bowo ndi phazi kapena ndi dzanja. Wa nyamakazi satha kunjuta, ndipo akanjuta satha kudzuka. Ena amafika pochepetsa kudya ndi kumwa madzi kuti asavutitse owanyamula, m'dera limene kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala. Zimenezi sizinenedwa pamsonkhano wa mudzi, ndipo munthu amatha kukhala nazo zaka zambiri a pakhomo pomwepo osadziwa kukula kwake.

Pamwamba pa izo, zimbudzi za kuno zimagwa kawirikawiri. Dothi la mchenga limagumuka, madzi apansi ali pafupi, ndipo ofuna kuti chimbudzi chipirire amachikwezanso pa chitunda. Vuto la chiguwa lija limabwereranso kuseri kwa nyumba.

Zokonza zake n'zotheka ndi zinthu za pamudzi pomwepo. Mpando wakale wa matabwa ukabooledwa pakati n'kuikidwa pamwamba pa bowo, munthu amakhala m'malo monjuta, ndipo ena a pakhomo akafuna kulowa amangousuntha. Ena amamanga timizati tiwiri ta njerwa, n'kutikulunga ndi simenti yosalala kuti tizitsukika. Kwa wochoka pa chikuku, mpandowo ulingane ndi chikukucho kutalika kwake kuti azingosendera. Mitengo iwiri yozikidwa mwamphamvu mbali zonse za bowo imapatsa munthu pogwira, ndipo chingwe cha mfundo zingapo cholendewera kuchokera kumtanda wa denga chimamuthandiza kudzuka. Woyeza ayambe walendewera yekha pa chingwecho, ndiponso agogode mitengoyo, chifukwa chiswe cha kuchigwa chimadya mtengo mkati kunja kukuoneka bwinobwino. Chitseko chizitsegukira kunja, kuti munthu akagwa mkati ena athe kumufikira. Mpondagiya wosambira m'manja nawo uunikidwe: dzina lake lomwe likunena kuti umafuna phazi, ndiye wopanda mphamvu m'miyendo amafunika kachigubu kotsika koti apendeke ndi dzanja. M'bafa, mwala wathyathyathya kapena kampando kokhalapo ndi ngalande yotulutsa madzi zimachotsa matope amene amagwetsa anthu ambiri.

Ofufuza a London School of Hygiene and Tropical Medicine ndi a yunivesite ya Mzuzu analemba mu 2016 za mavuto amene anthu aulumali m'Malawi amakumana nawo pa madzi ndi ukhondo, ndipo anaonetsa kuti chotchinga si kamangidwe kokha ayi, komanso maganizo a anthu ndi kusowa kwa uthenga. Atayesa ku Rumphi kulowetsa nkhani ya ulumali m'misonkhano yolimbikitsa midzi kumanga zimbudzi, mabanja amene anasinthadi zimbudzi zawo anali ochepa. Msonkhano wa pansi pa mtengo uli ndi malire ake. Pamafunika munthu wofika pakhomo, woyeza, n'kubweranso kudzaona ngati mpando uja unakhomedwa.

Kwa munthu wosaona, nyumba yabwino ndi imene zinthu zake sizisunthasuntha. Iye amasunga pamtima pomwe pali mtsuko, mtondo ndi njinga, ndipo mwana akasiya khasu panjira kapena ndowa pakhomo, ngozi yachitika kale. Chingwe chomangidwa pa mitengo kuchokera pakhonde mpaka kuchimbudzi, chofika m'chiuno, chimamupatsa ufulu wopita yekha nthawi ina iliyonse popanda kudzutsa mdzukulu. Miyala yondandalika m'mbali mwa njira imamveka ku ndodo yoyera, ndipo ikapakidwa laimu imathandizanso woona pang'ono, amene amasiyanitsa choyera ndi chakuda ngakhale nkhope sazizindikira. Woyeza ayang'anenso m'mwamba: ndodo imauza munthu za pansi zokha, koma nsonga ya lata lotsika, nthambi ndi waya woyanikapo zovala zimamupeza kumaso. Mkati mwa chimbudzi, timiyala tiwiri toumbidwa poponda timamuuza pomwe bowo lili popanda kufufuza ndi dzanja.

Pamoto pafunika diso lapadera. Mafuwa atatu apansi ndi oopsa kwa wosaona ndiponso kwa wodwala khunyu, amene akagwa amagwera pomwe ali. Mbaula yadothi ya Chitetezo, imene imatchinga moto m'mbali, imachepetsa ngoziyi, makamaka ikakhazikidwa malo amodzi osasinthasintha. Amene amagona nthawi yaitali osatha kudzitembenuza amafunika chipinda chopita mphepo, chifukwa m'nyumba ya malata yopanda zenera, thukuta ndi mphasa yolimba zimafulumizitsa zilonda za pamsana ndi m'chiuno. Kwa munthu wachialubino, mthunzi wa khonde lotambalala ndi mtengo wa pabwalo ndi mbali ya chitetezo cha khungu lake.

Kuunika kwa masana kukatha, kwa Mlolo kumatsala funso limene fomu ya kumayiko olemera ija ilibe: madzi akabwera pakati pa usiku, munthuyu adziwa bwanji, ndipo atuluka bwanji?

Machenjezo a kuno amayenda ndi mawu. Wailesi imalengeza, a komiti ya mudzi yoona za ngozi amaimba mawezulo, ng'oma ndi zimkuzamawu, anthu amakuwa. Wosamva sizimufika zonsezi, ndipo ngati wagona yekha atapiringidza chitseko, ngakhale ogogoda amangotaya nthawi. Mumdima sangaonenso manja a womulankhula ndi zizindikiro. Choncho woyeza amafunsa kuti ndani, potchula dzina, amene adzamudzutse, adzalowa bwanji, ndipo tochi imakhala pati. Mabanja ena angagwirizane zoti chitseko chizitsekedwa mwa njira yoti mnansi wodalirika atha kutsegula ali kunja. Wosaona naye ali ndi lake: mitengo yoyezera madzi m'mitsinje, yopakidwa utoto wobiriwira, wachikasu ndi wofiira, saiona, ndipo madzi akangophimba bwalo, miyala ndi njira zonse zimene anaziloweza zimafafanizika nthawi imodzi. Chikuku sichiyenda m'matope. Nsanja kapena mtengo umene ena amathawirako, wofa ziwalo sangakwere.

Bungwe la United Nations loona zochepetsa ngozi litafunsa anthu aulumali oposa 5,000 m'mayiko osiyanasiyana mu 2013, mmodzi yekha mwa asanu alionse ndi amene anati atha kuthawa msanga popanda vuto. Kwa Mlolo tanthauzo lake n'loonekeratu: munthu waulumali ayenera kusamuka chenjezo likangoyamba, njira ikadali youma, osadikira bwato. Komiti ya mudzi ikhale ndi mndandanda wa nyumba zimenezi, ndi ngolo kapena njinga yodziwika yodzawanyamula, ndipo ndodo, chikuku, mankhwala ndi buku lakuchipatala zizikhala malo amodzi ofikirika mumdima.

Chida chikapita ndi madzi, kupeza china ndi ulendo. Chipatala cha Trinity ku Fatima chili pafupi, koma zikuku ndi miyendo yoikirira zimapezeka makamaka ku Blantyre, kuchipatala cha Queen Elizabeth ndi ku bungwe la MAP, limene linayamba ndi dzina la Malawi Against Polio. Njanji yolumikiza Makhanga ndi Bangula inaduka mu 1997, ndipo wopita ku boma ku Nsanje amaoloka pa bwato kapena kuzungulira njira yaitali ya ku Thabwa. Woyeza nyumba akamalangiza chinthu, azikumbukira mtunda umenewu. Chogwirira cha mtengo chimene kalipentala wa pa Muona angakonze chikathyoka chimaposa chida chokongola chimene chikawonongeka palibe wochidziwa.

Kumisasa nako, kumene nthawi zambiri kumakhala m'masukulu ndi m'matchalitchi, mafunso ndi omwewa. Miyezo ya Sphere, imene mabungwe othandiza pa ngozi amatsatira, imati chimbudzi chisatalikire mamita 50 kuchokera pogona, ndipo pa anthu 250 alionse pakhale chimbudzi chimodzi chofikirika kwa munthu waulumali. Sukulu imene ikudziwika kuti ndi kothawirako iyenera kuunikidwa m'chilimwe, mwini chikuku ali pomwepo kuyesa khomo ndi chimbudzi.

Malamulo alipo. Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo gawo 9 la panganolo limakamba za kufikirika kwa malo, pamene gawo 11 limakamba za chitetezo chawo pa nthawi ya ngozi. Lamulo la anthu aulumali la 2012 linalowedwa m'malo ndi la 2024, limene linasinthanso bungwe la MACOHA, lobadwa ndi lamulo la 1971, kukhala MACODA. Mabungwe a eniake, monga FEDOMA, Malawi Union of the Blind ndi MANAD ya anthu osamva, akhala akulankhula za nkhaniyi kwa zaka zambiri. Koma mphamvu ya lamulo imaonekera kwambiri pa nyumba za boma ndi malo a anthu onse. Pakhomo la munthu wa m'mudzi wa Osiyana palibe woyendera amene adzabwere kudzayeza chitseko, ndipo banja limene likudalira ndalama za Mtukula Pakhomo likapeza kangachepe limayamba lagula chimanga.

Pamene pali mpata weniweni ndi pa nyumba zimene boma, mipingo ndi mabungwe amamangira anthu madzi akaphwa. Kawirikawiri okalamba ndi aulumali ndi amene amaikidwa patsogolo pa mndandanda wa olandira, ndipo zimenezi n'zoyenera. Koma kumumangira munthu wa chikuku pulani yofanana ndi ya wina aliyense, ya masitepe atatu ndi khomo lopanikiza, ndi kulakwa kumene kungapeweke ndi funso limodzi maziko asanakumbidwe. Kukulitsa felemu ya chitseko nyumba ikumangidwa kumangowonjezera matabwa pang'ono, pamene kugumula khoma nyumba itatha kumafuna mmisiri, njerwa ndi simenti zatsopano, zimene banjalo silidzazipeza.

Chimodzimodzi pa nkhani yosamukira kumtunda, imene boma lakhala likulimbikitsa anthu a ku Makhanga ndi midzi yoyandikana nayo kwa zaka zambiri. Kumtunda madzi safika, koma cha kumapiri kuli zitunda, miyala ndi mitunda yaitali yokatunga madzi. Mafumu akamagawa malo, puloti yathyathyathya ya pafupi ndi mjigo ndi msewu iyenera kupita kwa banja la munthu wovutika kuyenda, ndipo mjigowo ukhale ndi polowera popanda sitepe komanso pokhala munthu akamapopa. Wosaona akafika pamalo atsopano amafunika wina womuyendetsa kangapo, kuchokera pakhomo kupita kuchimbudzi, kumjigo ndi kutchalitchi, mpaka njira zitakhazikika m'mutu.

Nthawi yabwino yoyendera makomowa ndi pakati pa Ogasiti ndi Okutobala, njerwa zikuotchedwa, dothi lili louma moti njira yotsetsereka itha kutsenderedwa n'kulimba mvula isanagwe. Dzinja likatha pamafunika kubwereranso, chifukwa madzi amakokolola m'mbali mwa njira, chiswe chimadya zogwirira, mwana wa pa chikuku amakula, ndipo agogo amene chaka chatha ankakwera masitepe ndi ndodo imodzi mwina chaka chino akufunika ziwiri.